MUTU 11: MATSENGA NDI ZA MIZIMU M'NTHANO ZA ANA: KUYEREKEZA NTHANO ZATHU NDI ZA KU RUSSIA NDI KU ENGLAND

11.1 MAU OYAMBA

Mukatsiriza maphunziro anu pa koleji, ena a inu mudzatumizidwa ku masukulu a m'boma la Chama, kumtunda kwa cigwa ca Luangwa, m'dziko la mafumu a Asenga monga Kambombo, Tembwe, Chikwa ndi Chifunda. Boma limeneli linasamutsidwira ku Cigawo ca Muchinga mu 2011 ndipo linabwezedwa ku Cigawo ca Kum'mawa mu 2021. Ana ambiri a kumeneko amalankhula Cisenga kapena Citumbuka pakhomo, motero Cinyanja ca m'buku amayamba kucimva bwino m'kalasi mwanu. Mwina mudzapeza kuti mabuku owerenga ndi ocepa, koma nthano simudzazisowa, pakuti mwana aliyense amabwera nazo kucokera kwa agogo ake.

Nthano zimenezi n'zodzala ndi zodabwitsa. Muli mwana wobadwa akulankhula, mbalame yoimba nyimbo youlula wakupha munthu, ndi nkhalamba yopatsa mtsikana dengu la cuma. Mphunzitsi watsopano akamva zotere amayamba kukayika. Kodi nkhani izi n'zoyenera m'kalasi? Nanga makolo akadzanena kuti ana akuphunzitsidwa ufiti, iye adzayankha ciani? Aphunzitsi ena amathawa vutoli mwa kusiya nthano zonse zamatsenga, n'kumangobwereza za Kalulu caka conse. Ena amazifotokoza mosasamala, ndipo mau a m'kalasi amakafika kumudzi atasanduka mlandu.

Anthu a ku Russia ndi a ku England analimbana nalo kale funso lomweli, ndipo ali ndi nthano zambiri za ana zolembedwa m'mabuku. M'mutu uno tiyerekeza nthano zao ndi zathu, kuti mukhale ndi muyeso wosankhira nkhani ndiponso mau oyenera kuzifotokozera.

11.2 ZOLINGA

Pomaliza mutu uno muyenera kukhoza:

1. kusiyanitsa matsenga a m'nthano, za mizimu, ndi ufiti;
2. kufotokoza kumene mphamvu zodabwitsa zimacokera m'nthano za maiko atatuwa;
3. kusankha mau a Cinyanja oyenera pofotokoza nthano yacilendo;
4. kukonza phunziro la nthano limene silingaike mwana kapena kholo pa mlandu.

11.3 ZINTHU ZITATU ZOYENERA KUZISIYANITSA

Coyamba ndi matsenga a m'nthano. Wofotokoza akati "Panangokhala", omvera n'kuyankha kuti "Tilitonse", onse amakhala atagwirizana kuti alowa m'dziko limene nyama zimalankhula ndipo mwala umatseguka ukaimbiridwa nyimbo. Palibe mwana amene amapita kukaimbira mwala m'mawa mwake.

Caciwiri ndi za mizimu, ndiko kuti zinthu zimene anthu amazikhulupiriradi pa moyo wao: Mulungu, amene Acewa amamucha Cauta ndipo Atumbuka amati Ciuta, mizimu ya makolo, dalitso la kholo, temberero ndi maloto. Izi zimalowa m'nthano, koma sizithera momwemo.

Cacitatu ndi ufiti, umene anthu amautenga ngati kupweteka mnzako mobisa cifukwa ca njiru. Nkhani ya ufiti imaloza munthu wamoyo wa pamudzi, kawiri-kawiri nkhalamba, ndipo ena amathamangitsidwa kapena kuphedwa kumene cifukwa ca kulozedwa cala kotere.

Kuti musasokoneze zitatuzi, nthano iliyonse muziifunsa mafunso atatu. Mphamvu yodabwitsayo yacokera kwa yani? Munthuyo waipeza atacita ciani? Nanga akuigwiritsa nchito pothandiza kapena popweteka yani? Funso lakuti "kodi muli matsenga?" palokha silithandiza, cifukwa pafupi-fupi nthano zonse zokoma zili nawo.

11.4 NTHANO ZA KU RUSSIA

Alexander Afanasyev anasindikiza nthano pafupi-fupi 600 za anthu a kumidzi ya ku Russia pakati pa 1855 ndi 1863. Monga zathu, nthanozi zilibe mwini. Imodzi mwa zochuka ndi ya mtsikana Vasilisa.

Mai ake a Vasilisa, ali pafupi kufa, anamdalitsa ndi kumpatsa kacidole, namuuza kuti akakhala pa mavuto azikadyetsa ndi kukafunsa nzeru. Atate ake anakwatira mkazi wina wa ana aakazi awiri, amene anamzunza. Tsiku lina moto unazima m'nyumba, ndipo anamtuma kukapala moto kwa Baba Yaga, nkhalamba ya m'nkhalango yodya anthu, imene mpanda wa nyumba yake unali wa mafupa. Baba Yaga amauluka atakhala mu mtondo, akupalasa ndi munsi, uku akufafaniza mapazi ake ndi tsace. Iye anapatsa mtsikanayo nchito zosatheka, monga kusankha mbewu zovunda pa mulu waukulu ndi kutola tinjere m'dothi. Vasilisa anadyetsa kacidole kaja ndipo nchito zonse zinatheka. Nkhalamba itafunsa cinsinsi cake, mtsikanayo anayankha kuti ndi dalitso la mai ake. Pamenepo Baba Yaga anampirikitsa, pakuti sanafune munthu wodalitsidwa m'nyumba mwake, koma anampatsa cigaza ca maso oyaka moto, ndipo moto umenewo unapsereza mai wompeza uja pamodzi ndi ana ake.

Taifunsani nthanoyi mafunso athu aja. Mphamvu yacokera kwa kholo lomwalira. Mtsikana waisunga mwa kumvera mau a mai ake ndi kupatula cakudya cake cocepa. Waigwiritsa nchito podzipulumutsa. Mwana wa ku Chama sadzavutika kumva zimenezi, pakuti kwathu kunonso timadziwa kuti womwalira saiwala ana ake ndi kuti amakumbukiridwa ndi cakudya kapena mowa. Onaninso kuti Baba Yaga si woipa nthawi zonse. M'nthano zina ndiye amaonetsa mnyamata njira, ngati mnyamatayo walankhula naye bwino.

Mu 1928 katswiri wina wa ku Leningrad, Vladimir Propp, anasanthula nthano pafupi-fupi 100 za m'mabuku a Afanasyev, napeza kuti zonse zimamangidwa ndi zocitika 31 zotsatana mu dongosolo limodzi, ngakhale kuti si nthano iliyonse imene ili ndi zonsezo. Pakati pa zocitikazo pali kukumana ndi "wopatsa", munthu kapena nyama imene imayesa woyenda ulendo isanampatse cinthu camatsenga. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa inu: m'nthano zotere matsenga ndi mphatso, ndipo asanaperekedwe khalidwe la munthu limayamba layesedwa.

Woipa weni-weni m'nthano za ku Russia ndi Koschei, amene anabisa imfa yake mu nsingano, nsinganoyo m'dzira, dziralo m'bakha, bakhayo m'kalulu, kaluluyo m'bokosi lokwiriridwa pansi pa mtengo pa cilumba. Iye amafuna mphamvu ya iye yekha ndipo amakana kufa monga anthu ena onse. Mumkumbukire, tikumana naye m'gawo lotsatira atavala dzina lina.

11.5 MABUKU A KU ENGLAND

Ku England nakonso kuli nthano za pakamwa, ndipo Joseph Jacobs anasonkhanitsa zina m'buku la English Fairy Tales mu 1890. Koma nkhani zamatsenga za ana zimene zachuka kwambiri ndi zopekedwa ndi mlembi wodziwika, amene amaika cikhulupiriro cake m'nkhanimo mwadala.

C. S. Lewis, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Oxford, anatulutsa The Lion, the Witch and the Wardrobe mu 1950. Ana anai a mimba imodzi, othawa mabomba mu London pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, alowa m'kabati ya zovala n'kutulukira m'dziko la Narnia, limene mfumukazi yankhanza yalimanga m'nyengo ya cisanu cosatha. Mmodzi wa anawo, Edmund, apereka abale ake kwa mfumukaziyo atanyengedwa ndi maswiti ndi lonjezo la ufumu. Mkango wochedwa Aslan udzipereka kuti uphedwe m'malo mwake pa gome la mwala, ndipo m'mbandakuca uuka kwa akufa atsikana awiri akuona. Lewis anali Mkhristu, ndipo mwana aliyense amene anamvapo za Lacisanu Loyera ndi Pasaka adzazindikira cimene cikunenedwa. Apa anawo sapatsidwa matsenga ambiri. Cimene ciwapulumutsa ndi nsembe ya wina.

J. K. Rowling anatulutsa buku loyamba la Harry Potter mu 1997, ndipo lacisanu ndi ciwiri, lomaliza, linatuluka mu 2007. Harry ndi mwana wamasiye wozunzidwa ndi abale a mai ake. Atafika zaka 11 alandira kalata yomuitana ku sukulu yogonera komweko ya Hogwarts, kumene matsenga amaphunzitsidwa ngati masamu, ndi mabuku ogula m'sitolo, aphunzitsi, malamulo ndi mayeso. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi Vasilisa. Matsenga ndi luso lobadwa nalo limene limakula ndi maphunziro, ndipo wabwino ndi woipa amaphunzira m'kalasi limodzi. Cimene cimawasiyanitsa ndi zosankha zao. Komabe mukafika pa mtima pa nkhaniyi mupeza zimene taziona kale. Harry anapulumuka ali khanda cifukwa mai ake anafa pomchinjiriza, ndipo cikondi ca mai wakufayo cimamteteza monga dalitso linatetezera Vasilisa. Mdani wake, Voldemort, anagawa moyo wake n'kuubisa m'zinthu zosiyana-siyana poopa imfa, monga anacitira Koschei.

Tsono m'maiko onse awiri matsenga ndi covala cakunja. Za mizimu zili m'kati, ndipo zimaphunzitsa kuti cikondi ca womwalira sicitha, ndi kuti wofuna mphamvu ya iye yekha amaonongeka.

11.6 NTHANO IMODZI M'MAIKO ATATU

Pali nthano ina imene imamveka m'madera ambiri a kuno kwathu, ngakhale kuti wofotokoza aliyense amaikometsa mwa njira yake. Mtsikana ali pa ulendo akumana ndi nkhalamba ya zilonda, kapena ya manthongo m'maso, imene impempha kuti aitsuke kapena kuinyambita. Mtsikanayo avomera mosanyansidwa, ndipo nkhalamba imuuza zoyenera kucita kutsogoloko, nabwerera kwao ndi mikanda ndi nsalu. Mbale wake wanjiru atsata njira yomweyo, anyoza nkhalambayo, ndipo m'dengu lake mutuluka njoka kapena zirombo.

Ku Russia nthanoyi imachedwa Morozko. Mai wompeza atumiza mtsikana ku nkhalango m'nyengo yozizira kwambiri kuti akafe. Morozko, mwini cisanu, amfunsa katatu ngati akumva kufunda, ndipo iye, ngakhale akunjenjemera, ayankha mwaulemu. Morozko amveka zofunda ndi kumpatsa bokosi la cuma. Mwana weni-weni wa mai uja apita naye, ayankha mwamwano, ndipo afa ndi cisanu.

M'buku la Jacobs muli nthano ya The Three Heads of the Well. Mwana wamkazi wa mfumu ya ku Colchester agawira nkhalamba yaimuna kamba wake wa paulendo, kenaka afika pa citsime pamene mitu itatu ya golide ivuuka ndi kumpempha kuti aisambitse ndi kuipesa. Atatero, mituyo imdalitsa ndipo akwatiwa ndi mfumu. Mwana wa mai wompeza amana nkhalamba ija cakudya, amenya mituyo, ndipo agwidwa khate.

Akatswiri a nthano, potsata kaundula amene Antti Aarne wa ku Finland anayamba mu 1910, amaika nthano zonsezi pa nambala 480. Kwa inu cofunika n'cakuti m'maiko onse atatu nkhalamba yonyansa kapena cinthu coopsa ndico cigwira dalitso, ndipo ulemu ndiwo umacimasula. M'dera limene nkhalamba zimaopedwa kuti ndi mfiti, nthano yathuyi imauza mwana kuti aisamale nkhalambayo. Mphunzitsi amene ataya nthano yotere poopa matsenga wataya mankhwala a nthenda yomwe akuiopayo.

Koma musaiwale kusiyana. M'nthano zathu mphamvu imayenda m'nyimbo, imene wofotokoza amatsogolera ndipo omvera onse amavomereza. Ku Russia imayenda m'mphatso ndi m'mau olankhulidwa mwa mwambo wake. M'mabuku a ku England imayenda m'ndodo ndi m'mau ophunziridwa. Tilinso ndi ngwazi zobadwa ndi mphamvu, monga Kacirambe, amene mai ake anamlonjeza kwa fisi asanabadwe, koma iye anazemba misampha yonse. R. S. Rattray analemba nthanoyi m'Cinyanja m'buku lake la 1907. Ngakhale Kacirambe amapulumuka maka-maka cifukwa ca kucenjera, monga Kalulu.

11.7 VUTO LA KUMASULIRA

Apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amapunthwa. Dikishonale idzakuuzani kuti mau a Cingelezi akuti "witch" ndi "wizard" atanthauza mfiti. Koma liu lakuti "wizard" linacokera ku liu lotanthauza wanzeru, ndipo liu la Cirasha lakuti "vedma" linacokera ku mneni wotanthauza kudziwa. Liu lathu lakuti mfiti, kapena fwiti m'Citumbuka, lilibe mbali yabwino ngakhale pang'ono. Mwana wa ku London akamva "witch" amaona cithunzi ca m'buku. Mwana wa kwa Tembwe akamva "mfiti" akhoza kuona nkhope ya munthu wa pamudzi pake.

Zizindikiro nazonso zimasintha tanthauzo zikaoloka nyanja. Harry ali ndi kadzidzi woweta womtengera makalata, koma kwathu kadzidzi akalira padenga anthu amati walosera maliro. Baba Yaga amauluka mu mtondo, ndipo kwathu anthu amati mfiti zimauluka pa licero. Aslan ndi mkango wopatulika, pamene m'nthano zathu mkango kawiri-kawiri umapusitsidwa ndi Kalulu. Coopsa koposa ndi sukulu ya Hogwarts: mukaichula kuti "sukulu ya ufiti" mwakhudza mantha eni-eni a makolo ambiri, amene amakhulupirira kuti mfiti zimatenga ana usiku kukawaphunzitsa.

Motero tsatani malangizo awa:

1. Dzina la munthu wa m'nthano lisiyeni momwe lilili. Nenani kuti "Baba Yaga, nkhalamba ya m'nkhalango".
2. Munthu mumchule ndi nchito imene akucita m'nkhaniyo. Mdani wa Aslan ndi "mfumukazi yankhanza ya cisanu", pakuti cimene iye wacita ndi kulanda dziko.
3. Pa zodabwitsa zopanda njiru gwiritsani nchito mau akuti matsenga, zodabwitsa kapena mphatso. Musachule nsupa, zithumwa kapena zizimba pamene mlembi sanatanthauze zimenezo.
4. Liu lakuti sing'anga lisungireni munthu wociritsa, ndipo lakuti mzimu lisungireni womwalira.
5. Cizindikiro cimene cili ndi tanthauzo lina kwathu mucifotokoze musanayambe nkhani. Ngati ana ndi aang'ono kwambiri, sankhani nthano ina.

11.8 MAKOLO, CHALICHI NDI LAMULO

Nthano zamatsenga zatsutsidwapo kucokera ku mbali ziwiri zosiyana. Ku Russia, boma la cikomyunizimu litayamba kulamulira mu 1917, akatswiri ena a zamaphunziro anati nthano zimadzaza mitu ya ana ndi zinthu zabodza. Mu 1928 Nadezhda Krupskaya, mkazi wamasiye wa Lenin, analemba m'nyuzipepala ya Pravda kudzudzula buku la ana la Kornei Chukovsky lonena za ng'ona yolankhula. Chukovsky, m'buku lake lonena za kalankhulidwe ka ana a zaka 2 mpaka 5, anaonetsa kuti mwana womanidwa nthano amadzipekera zake. Pofika 1934, pa msonkhano woyamba wa alembi a mu Soviet Union, nthano zinalandiridwanso. Ku America otsutsa ambiri anali makolo opembedza, ndipo bungwe la American Library Association linaika mabuku a Harry Potter pa malo oyamba mwa mabuku amene anthu anapempha kuti acotsedwe m'masukulu ndi m'malaibulale pakati pa 2000 ndi 2009. Oyambawo anaopa kuti nthano zidzabwezera ana ku zikhulupiriro zakale, aciwiriwo anaopa kuti zidzawacotsa ku cipembedzo. Onsewo anayang'ana matsenga okha osafunsa mafunso athu atatu aja.

Dziko la Zambia linalengezedwa ndi Pulezidenti Frederick Chiluba kuti ndi la Cikhristu mu December 1991, ndipo makolo ambiri amene mudzakumana nao ndi anthu a m'chalichi. Nkhawa yao musaiseke. Kholo likabwera kudzafunsa, lilandireni pamodzi ndi aphunzitsi aakulu, lifotokozereni nthano yonse mpaka kumapeto, ndipo lionetseni khalidwe limene ikuphunzitsa. Ngati pali buku limene makolo ambiri sakulifuna, palibe cokukakamizani kuliwerenga, pakuti nthano zina zophunzitsa zomwezo zilipo zambiri.

Dziwaninso kuti lamulo la Witchcraft Act, Mutu 90 wa Malamulo a Zambia, limene linayamba mu 1914, limati kuchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Cifukwa cake musafunse ana kuti, "Ndani anaonapo mfiti?" kapena, "Kodi kumudzi kwanu zotere zimacitika?" Mwana akayamba kuchula dzina la munthu wamoyo, mletseni mofatsa ndi kumbwezera ku nthano. Ngati zimene wanena zikuonetsa kuti iye kapena wina ali pa ngozi, kauzeni aphunzitsi aakulu mwamseri. Si nchito yanu kugamula m'kalasi ngati ufiti ulipo kapena kulibe.

Potsiriza, mlendo amayamba wafunsa. Ngati ndinu wa ku Katete kapena ku Chadiza, musaganize kuti ana a Asenga amadziwa Gule Wamkulu monga mumdziwira inu. Iwo ali ndi miyambo yao, monga mwambo wa Kwenje. Funsani akulu a pamalopo nthano zimene zimafotokozedwa kwa ana ndi zimene ndi za kucinamwali kapena za kumaliro, zosayenera kutulutsidwa m'kalasi.

11.9 CITSANZO CA PHUNZIRO

Giredi: 5
Nthawi: mphindi 40
Phunziro: Kumvetsera ndi kulankhula
Mutu: Mtsikana waulemu ndi mtsikana wamwano
Zipangizo: bolodi, coko, mapu a dziko lonse

Kukonzekera: Kutatsala masiku awiri, pemphani ana kuti akafunse akulu kunyumba nthano ya ana awiri, wina waulemu wina wamwano, amene anakumana ndi nkhalamba panjira.

Gawo 1, mphindi 10: Mwana mmodzi afotokoze nthanoyo m'cinenero ca kwao, ndipo kalasi lonse livomereze nyimbo yake. Musamdule mau. Akatsiriza, lembani pa bolodi mau ocepa ofunika pambali pa a Cinyanja, monga maji ndi madzi, msungwana ndi mtsikana, sumu ndi nyimbo.

Gawo 2, mphindi 10: Onetsani Russia pa mapu. Fotokozani kuti kumeneko kumazizira mpaka mitsinje imauma gwa ngati mwala, kuposa kutali mphepo ya mu June ndi July. Kenaka fotokozani nthano ya Morozko m'Cinyanja, mopanda kuwerenga papepala. Sinthani mau anu pa munthu aliyense, monga ankacitira Julius Chongo pa pulogalamu ya wailesi ya Poceza m'Madzulo, ndipo musaumire mau oonetsa zocitika monga njenjenje, zii ndi phwii.

Gawo 3, mphindi 12: Gawani ana m'magulu a anthu asanu. Gulu lililonse liyankhe pa nthano zonse ziwiri: Ndani anapereka mphatso? Mtsikana anacita ciani asanailandire? N'cifukwa ciani waciwiri analephera? Lembani mayankho pa bolodi m'mizere iwiri yoyang'anana.

Gawo 4, mphindi 8: Funsani ana kuti achule zinthu za m'nthanozi zimene zimacitika m'nthano mokha, ndi zimene zimacitika masiku onse. Bokosi la cuma locokera kwa mwini cisanu ndi la m'nthano. Mwana wamasiye wozunzidwa, njiru ya pacibale ndi nkhalamba yosowa woisamala ndi za masiku onse. Tsekani nthano monga mwa mwambo wa anawo, kuti aliyense adziwe kuti tatulukamo.

Nchito ya kunyumba: Mwana aliyense alembe ziganizo zisanu za m'Cinyanja zofotokoza zimene mtsikana waulemu anacita.

11.10 CIDULE CA MUTU UNO

Taona kuti m'nthano za ku Russia matsenga ndi mphatso yolandiridwa pambuyo pa kuyesedwa, kuti m'mabuku a ku England ndi luso lophunziridwa kapena cithunzi ca cikhulupiriro ca mlembi, ndi kuti m'nthano zathu amayenda pamodzi ndi nyimbo, ulemu ndi kucenjera. Taonanso kuti liu limodzi lomasuliridwa molakwa likhoza kusandutsa nthano kukhala cinenezo. Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Mwana amene waphunzira ali mu Giredi 5 kufunsa kumene mphamvu yacokera ndi amene ikumthandiza, sadzafulumira kutola mwala pamene anthu aloza cala nkhalamba ya pamudzi.

11.11 ZOCITA

1. Lembani nthano imodzi ya kwanu imene ili ndi zodabwitsa, ndipo muiyankhe mafunso atatu a m'gawo 11.3.
2. Yerekezani kacidole ka Vasilisa ndi citetezo ca mai ake a Harry Potter. Zikufanana pati, nanga zikusiyana pati?
3. Pezani "wopatsa" m'nthano zitatu za Cinyanja, ndipo fotokozani mayeso amene iye amapereka.
4. Fotokozani nkhani ya Aslan m'ziganizo 15 za Cinyanja coyenera Giredi 6, osagwiritsa nchito liu lakuti mfiti.
5. Awiri-awiri, citani sewero: wina akhale kholo lodandaula kuti mwana wake akuphunzitsidwa zamatsenga, wina akhale mphunzitsi. Anzanu aone ngati mphunzitsiyo walankhula mwaulemu ndi momveka.
6. Mwana wanena m'kalasi kuti agogo ena a pamudzi pake amauluka usiku ngati Baba Yaga. Lembani zimene mudzanena pa nthawi yomweyo ndi zimene mudzacita ana akaweruka.